Utsi wa jenereta ya ba Tembo

Lachinayi, mwezi wa Okutobala, mukomboni ya Mtendere

Lero landinyansa. Malaiti anapita m'mamawa, mpaka pano sanabwere. Nkhuku zimene ndimagulitsa zayamba kununkha mufiriji, zina ndataya kudzala.

Ba Tembo, aneba athu owotcherera mageti, agula jenereta ya dizilo. Aiika pansi pa windo la chipinda cha amayi, chonsecho amayi chifuwa chimawavuta kale. Tsiku lonse akhala akutsokomola, makatani ada bii.

Ndinapita kukadandaula. Ba Tembo sanazimitse n'komwe, anangokuwa m'phokoso momwemo: "Amake Chisomo, malaiti ya manzi yanasila, ku damu ya Kariba kwauma! Manje ni dizilo na malasha chabe. Nikazimya, bana banga bazadya chani?"

N'zoonadi, magetsi a madzi anatha. Ndili mwana, atate ankanyadira kuti magetsi athu ndi a madzi, opanda utsi, mpaka timagulitsako kumayiko ena. Lero komboni yonse ikununkha ngati kumbuyo kwa basi yakutha.

Koma wondinyansa kwambiri ndine ndemwe. Madzulo nditatsegulanso firiji n'kumva fungo lija, ndatenga chingwe, ndabwerera kwa ba Tembo kukapempha kuti andilumikizeko. Aseka, avomera. Ndiye kuti jeneretayo ilira mpaka kuche chifukwa cha nkhuku zanga.

Amayi ndawasamutsira pabalaza. Andifunsa kuti, "Mwanawe, nanga chinthuchi sichizima lero?" Ndayankha kuti sindikudziwa.

Firiji yayamba kuzizira bwinobwino. Amayi akutsokomolabe. Mawa ndiwauza zoona, kapena nkhukuzi zikatha...