Galimoto ya Mipando Iwiri

São Bernardo do Campo
18 Meyi 1997

Okondedwa achemwali anga a Gildete,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi maso aja ali bwanji? Munalemba kuti diso lamanzere layambanso kuchita chifunga ngati linzake lija, ndipo chiwerengereni mawu amenewo mtima wanga sunakhale m'malo. Ife kuno tili moyo, kungoti ndikulemba ndili wokwiya, ndiye zilembo zikapindika musadabwe.

Galimoto yathu ya Kombi ija kulibe. Inde, yomwe ija tinati tidzabwera nayo tonse pa chikondwerero cha São João mwezi wamawa, kuti amayi adzaone koyamba mdzukulu wawo Wanderson. Alamu anu a Nivaldo anaigulitsa osandiuza, n'kuphatikiza ndalama zomwe anawapatsa powachotsa ntchito kufakitale, n'kugula kagalimoto kofiira ka mpikisano. Akuti ndi Porsche. Achemwali, si Porsche ayi, n'chofanizira chabe. Thupi lake ndi la pulasitiki ija amapangira mathanki a madzi, ndipo m'kati mwake ndi galimoto wamba yakale, Fusca ya 1974, ngati ya abambo mfumu akwathu aja. Ngakhale mapepala ake akunena zomwezo. Mipando ndi iwiri basi, pomwe ife tilipo anayi.

Nditafunsa chomwe chawalowa m'mutu, anati ine bizinezi sindiidziwa. Akuti mnzawo wina wakufakitale anagula yotereyi, n'kuigulitsa ndi phindu loti wamangira chipinda chapamwamba. Ndinawakumbutsa kuti mnzawoyo ndi amene wawagulitsa iyiyi, ndiye chipinda chimenecho tamanga ndife. Anangotenga ndowa n'kupita kukatsuka matayala.

Lamlungu lililonse amapita nayo kumsika wa magalimoto. Kutuluka kokha mumsewu mwathu muno ndi ntchito, chifukwa ndi yaifupi moti pa zitunda zija anaika kuti magalimoto asamathamange imakhuza mimba. Amayala matabwa, ine n'kumalozera, aneba ali pamageti kuonerera ulere.

Anthu kumsikako amaikonda, sindikana. Amaizungulira, kuisisita, ena kujambulitsa. Koma wolemera safuna chofanizira, ndipo wosauka ngati ife amafunsa poika ana ndi thumba la mpunga. Sabata yatha kunabwera bambo wina wa tcheni chagolide m'khosi. Anaigogoda ndi chala, n'kuuza a Nivaldo kuti ailize. Atamva kulira kwa Fusca anaseka mpaka kugwira bondo.

"Achimwene, galu mukamuveka jekete sasiya kuuwa. Ndikupatsani theka la mtengo wanuwo, ndipo pamenepo ndakumverani chisoni."

A Nivaldo anabwera kunyumba, nyemba osazikhudza. Pang'ono ndinawamvera chisoni, koma m'mawa mwake ndinawapeza akuuza mwana wathu Jucélia kuti magalimoto otere amakwera mtengo akamakalamba, tingodikira zaka zisanu. Zaka zisanu! Maso a amayi adikira zaka zisanu?

Pamenepo ndinasiya kulongolola. Mukudziwa kuti ndimasoka madiresi a ukwati. Ndinayamba kuuza akwatibwi kuti ndili ndi galimoto yojambulitsira pakhomo pa tchalitchi, ndipo anayi alipira kale. Mmodzi anafuna kuti imunyamule, koma diresi silinakwanemo, ndiye anangoitsamira. Tsiku limenelo inakananso kulira, alamu anu n'kuikankha atavala suti. Galimoto ya mpikisano imene imabweretsa ndalama ikaima, ine sindinaionepo.

Ndalama za akwatibwizo sindinawapatse. Ndagula tikiti ya basi. Ndinyamuka pa 19 Juni ndi Wanderson yekha, poti iye sanafike polipira, akhala pamiyendo panga masiku awiri onsewo. Jucélia atsala ndi bambo ake chifukwa cha sukulu. Walira, koma mipando iwiri ija iwakwanira bwino.

Pempho langa ndi limodzi. Amuna anu adzatichingamire pa siteshoni ya ku Picos pa 21, m'mamawa, kuti tikafike kunyumba dzuwa lisanakwere. Munati amayi amaonako bwino nthawi imeneyo akakhala pakhonde. Ndikufuna adzamuone mwanayu ndi maso, asadzachite kumufufuza nkhope ndi manja.

Tikitiyo ndi yopitira kwanuko basi. A Nivaldo atafunsa za yobwererera kuno, ndinawauza kuti ili pakhomo, yofiira, ya matayala anayi. Akatifuna aigulitsa, ngakhale kwa wa tcheni uja.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali a Zuleide ndi kwa ana onse. Za galimotoyi amayi musawauze, ndidzafotokoza ndekha atatha kumunyamula mdzukulu wawo.

Ndine mng'ono wanu wotopa koma wokukondani,
Edileuza