Mbale ya Mzime Wathu

Lachiwiri, 9 Juni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno Ambuye akutisunga, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha mwana wanu, mzime wathu uja.

Chiyambire sukulu yatsopano ija, watola Chingerezi cha anzake. Chakudya akuti girabu, zokazinga zanga zonse akuti janki. Poyamba tinkaseka. Bambo ake ankachita kumugogodera kuchipinda kuti girabu yapsa bwana, iye n'kuyankha kuti wadya kale kasinaki panjira. Ine ndinkanyadira kuti mwana akudziwa mawu amene ife a fomu folo sitinawapeze m'mabuku.

Kenako anandiuza kuti akusala kudya, akupempherera mayeso. Achemwali, apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinakondwa. Ndinakaimirira pa msonkhano wa amayi kutchalitchi n'kuchitira umboni kuti ana a ena ali pa foni, wanga ali pa maondo. Anawomba m'manja, ena mpaka kumugwira dzanja kuti azipemphererako ana awo. Tsono akanadya bwanji, maso onse ali pa iye?

Mayeso anatha, kusala sikunathe. Dzulo telala wathu, pomuyesa siketi ya kwaya, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati mwanayu akudwala, poti m'chiuno waichepetsanso. Titafika kunyumba ndinakasesa kuchipinda kwake. Kuseri kwa wodiropu ndinapeza mabanzi ndi mazira amene ndinkamulongedzera, zokulunga m'mapepala, zina zitachita nkhungu.

Ndinamufunsa modekha. Sanalire. Anangoti, "Amayi, ndikadya ndimadziona wauve. Si munanena nokha kuti Mulungu akukondwera nane?"

Bambo ake sindinawauze, akumugogoderabe ndi nthabwala ija.

Chonde bwerani, musadikire tchuthi. Inu amakumverani, paja ali wamng'ono ankadyera pamiyendo panu pokha. Tikapite naye limodzi kuchipatala. Ndipo pa msonkhano wa amayi mukakhale pambali panga, chifukwa ndikufuna kukaimirira pomwe paja ndikabweze umboni wanga.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mwana wanu ndamuuza kuti ndikukulemberani. Akuti moni, ndiponso akuti musavutike kumunyamulira kanthu. Mbale yake ya masana ndaivundikira, ili patebulo pompano pamene ndikulembera.

Mutikumbukire m'mapemphero,
ine mng'ono wanu.