Chigwinjiri cha Ihsan chidulidwe

Cairo, 9 Marichi 1998

Okondedwa Amayi,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Kodi mawondo aja akukulolani kugwada popemphera? Ine ndili bwino, koma mng'ono wanga Ihsan sali bwino ayi. Amalume Gaber, powawerengera Amayi kalatayi musadumphe mawu ngati muja munachitira ulendo watha.

Chibwerereni kuno, Ihsan waonedwa ndi madokotala anayi. Woyamba anati ndi nyamakazi, wachiwiri anati akungofuna mwamuna wake. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi nsapato. Wachinayi yekha ndiye anamugoneka n'kumubaya ndi kasingano kumapazi, ndipo mwana wanu sanamve kanthu. Ataona zipsera zamoto kumsana anafunsa amene anamuwotcha. Ndinachita manyazi kunena kuti ndi sing'anga wanu uja wa chitsulo chamoto.

Dokotalayu akukayikira chotupa chamafuta chomera m'kati mwenimweni mwa mtsempha waukulu wa mumsana. Akuti si khansa, ndipo pa zaka makumi awiri iye wangokumana nacho kawiri. Koma chikamakula chimafinya mtsempha, ndipo mwendo ukafa sudzukanso. Kuti atsimikize, ayenera kumujambula m'makina a maginito, momwe simulowa chitsulo chilichonse.

Tinadikira masabata asanu. Tsiku litafika, namwino anaona chigwinjiri chasiliva cha agogo chija, chimene munamutsekera kumwendo pa ukwati wake. Sichivuka, mwendo unatupa. Ndinabwera ndi wosula siliva mpaka pakhomo la chipatala, koma Ihsan anakumbatira mwendo wake akulira, akuti munalumbira kuti wodula chigwinjiricho wadula banja lake. Malo athu anapatsidwa kwa wina. Ndinamukalipira m'basi njira yonse, kenako ndinalira ndine.

Atipatsanso tsiku la 26 mwezi uno. Pempho langa ndi limodzi: tumizani mawu oti chidulidwe. Ine sandimvera, amamvera inu. Musanditumizirenso zipatso za kanjedza kapena mafuta opaka, mawu okha basi.

Sabata yatha ankakwera yekha masitepe a nyumba yathu. Dzulo ndinachita kumubereka. Amayi, chigwinjiri chija munamuveka kuti chizilira akamayenda. Masiku ano sichikulira.

Moni kwa amalume, azakhali a Hanem, ndi alamu anga, amuna a Ihsan, amene sanalembe ngakhale kamodzi.

Ine mwana wanu wotopa,
Wedad