Chikalata changa ndi mpweya wa ba Nsofwa

Matero, Lusaka

Okondedwa achimwene a Petros,

Ndikuyamba ndi moni. Kodi kwacha bwanji ku Mchinjiko? Mwendo wa amayi uja unatsika? Ine ndi ana, Chewe ndi Kafula, tili moyo, kungoti mtima wanga sukukhala pansi.

Banja langa ndi Kombe linatha kukhoti chaka chatha. Sindinakuuzeni chifukwa cha manyazi, pajatu inu ndinu munali nkhoswe.

Vuto ndi lakuti chilolezo changa chokhalira muno m'Zambia chinadzera mwa iye. Ndinakafunsa ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko ngati kuti ndikufunsira mnzanga. Anandiuza kuti banja likatha, nkhani imaunikidwanso, ndipo bambo wa ana atandilembera umboni zikhoza kupepuka. Ana ndi a kuno, sukulu yawo ndi ya kuno. Ine ndekha ndiye mlendo.

Kombe anakwatira wina, Monalisa. Patangopita nthawi pang'ono mayi ake a Kombe, ba Nsofwa, anafa ziwalo mbali imodzi. Monalisa anakana kuwasambitsa, ati mpongozi saona thupi la apongozi ake. Achimwene, sekani nane. Ine wosudzulidwa ndiye mwambo wandimasula, poti sindinenso mpongozi!

Ndiye Kombe anabwera, nkunena kuti bola ngati ndikusamala mayi ake, sakanena ku ofesi kuti tinalekana. Za umboni uja anangoti tidzaona. M'mawa uliwonse ndimakawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, kenako nkupita kukagulitsa salaula, kaunjika wa kuno, ku msika wa ku Mandevu. M'nyumbamo palibe amene amandiyankhula. Monalisa amangondilozera ndowa ndi mlomo.

Ndimawapempherera mayiwa kuti akhale ndi moyo, koma sindidziwa ngati ndikupempherera iwo kapena chikalata changa. Zimenezi zimandidya, ndipo kuno ndilibe woti ndimuuze.

Lolemba anakana kudya. Ndinawanyengerera mpaka ndinalira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula pakamwa. Atameza movutikira ananena m'chinyanja chawo cha kuno kuti: “Mwana wanga, ine nalema, nifuna kupumula. Koma nikafa bazakupitikisa. Leta phalalo kuno, nidyeko futi.”

Anamaliza mbale yonse. Palibe anawauza, achimwene. Akudziwa okha, ndipo akudzikakamiza kukhala moyo chifukwa cha ine.

Chonde bwerani. Munamanga banjali ndinu, Kombe amakuopani. Mudzakhale naye pansi alembe umboniwo mayi ake akadali ndi mpweya. Ndikufuna kuti tsiku limene mayiwo adzakanenso phala ndidzathe kuwasiya apume.

Amayi musawauze kaye. Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, ndiponso kwa azakhali a ku Kamwendo. Mulungu akusungeni panjira pobwera.

Ndine mlongo wanu,
Judith