Nkhuni za Sitima ya ku Mulobezi

Loweruka, 14 Juni, ku Dambwa

Lero kunazizira, koma ine sindinakumve n'komwe. Kasitima kanga kazungulira njanji yonse pathebulo osagwa, koyamba chiyambireni ntchitoyi. Ndinakapanga ndi zitini za mafuta ophikira ndi mota ya wailesi ya makaseti, kutengera sitima ya matabwa ya ku Mulobezi, imene agogo ankagwirako ntchito atabwera kuchokera ku Malawi.

Masana ndinakatenga ba Lungu ku Maramba. Iwowa ankasonkhezera moto m'sitima imeneyo pa unyamata wawo, ndiye ndinkaopa diso lawo. Anayang'ana kasitimako nthawi yaitali. Kenako analoza kangolo ka kumbuyo kwa injini, momwe ndinamatamo tizidutswa ta makala.

"Ivi ni vichani?" anafunsa. "Ise malasha sitinali kuyaona. Tinali kuponya nkhuni za mitengo ya mukusi, zotsala ku macheka."

Manyazi anandigwira. Ndinapala makala onse ndi mpeni. Ba Lungu anatola kamtengo pabwalo n'kukadula tizidutswa. Anatisanja m'kangolomo mmene ankasanjira kale, tatitali pansi, tatifupi pamwamba.

Nditayatsanso mota, anavula chipewa kasitima kakudutsa patsogolo pawo. Anati, "Manje ni yathu iyi."

Mkazi wanga akufuna thebulo lake mawa, akuti kubwera alendo a kutchalitchi. Ndamuuza kuti alendowo aika mbale pamiyendo. Sitima imene ba Lungu aivulira chipewa sichoka pamenepo, ngakhale atabwera abusa...