Musakhulupirire Nyale Yobiriwira

Katete,
14 Okutobala 2024

Okondedwa akulu anga a Agness,

Ndikhulupirira muli bwino ku Vubwi, inu ndi alamu. Foni yanu sikulowa chiyambire Loweruka, ndiye kalatayi ndapatsira a Solomoni, oyendetsa galimoto ya mankhwala. Muiwerenge musanatsegule firiji ya katemera pachipatala panupo.

Mukukumbukira kamakina kamene tinamangirira pafirijiyo, kamene kamalira ikayamba kutentha? M'kati mwake muli kachipu kosunga zinthu, timati fulashi. Makina sadziwa okha kuti kachipuko n'kotani. Timawalembera ndondomeko yotchedwa device tree, yokhala ngati mapu a munda: apa pulogalamu, apa zolemba za tsiku ndi tsiku, apa mlingo wa kutentha umene belu liyenera kulirira. Malamulo a kalembedwe ka mapuwo ndinakonza ndine.

Ndinati tizilemba poyambira chigawo chilichonse ndi kukula kwake, basi. Sindinaike malo olembapo kuti kachipuko kamafufuta dera lalikulu bwanji nthawi imodzi. Fulashi safufuta pang'onopang'ono, imasesa dera lonse ngati moto wa lupsa. Machipu oyamba ankafufuta kadera kakang'ono. Atsopanowa, amene ali kwanuko, amafufuta dera lalikulu, kudumpha malire anga. Zolemba zakale zikamafufutidwa, mlingo wa belu umapita nawo. Belu silira, nyale ya pamakinapo imangokhala yobiriwira, ngakhale firiji itafunda ngati tiyi.

Ndinazindikira Lachisanu. A Clement, abwana anga, anadutsa patebulo panga akuseka. “Rabecca, makina ako ali zii mwezi wonse, ndi dzuwa ili? Kapena unawabatiza?” Ine ndinayankha kuti, “Ali bwino, abwana.” Akulu anga, ndinanama. Zipatala zisanu ndi zinayi zili ndi machipu amenewa. Zisanu ndi zitatu ndaziimbira mobisa. Chanu chokha ndicho sindinachipeze, ndipo ndikudziwa kuti Lachinayi ndi tsiku la sikelo, lobaya ana katemera.

Chonde yang'anani zizindikiro za kutentha za pamabotolo a katemera, muike m'firijimo choyezera kutentha chakale chija. Mukakayika, musabaye mwana aliyense. A Solomoni akangonyamuka ndilowa kwa a Clement kukaulula zonse. 

Moni kwa alamu. Mwana wanu Nelly mumupsompsone m'malo mwanga. Ndawerenga masabata ake, akwana khumi Lachinayi lomwelo, tsiku lake la katemera, ndipo ndikukudziwani, mumakonda kuyamba ndi wanu kuti amayi ena asaope. Ulendo uno musayambe ndi iye.

Ndine mng'ono wanu,
Rabecca