Ulendo wa ku Khor Fakkan

Lachinayi madzulo, ku JVC, dera lomwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno kunja kwa dziko.

Lero mtima wanga unali kwathu tsiku lonse. Aisha, mnzanga wa ku Mangochi wogulitsa m'shopu uja, anaimba foni ndikusita zovala za ana a Madamu.

"Lamlungu tikupita ku Khor Fakkan, khalas, basi yatha, usakane," anatero. "Ndi katauni kakang'ono, mapiri kumbuyo, nyanja kutsogolo. Nsomba umagula kwa asodzi zikadaphiriphitha. Palinso boti lopita ku kachilumba, madzi ake oyera mpaka miyala ya pansi umaiona."

Ndinamuseka kuti nyanja ndimaiona kale konkuno. Komatu zaka zitatu zonsezi ndimangoionera pawindo la galimoto, kapena nditaimirira kumbuyo kwa ana, matawulo ali m'manja. Sindinaviikemo ngakhale phazi.

Atatchula chilumba ndinakumbukira bambo. Tchuthi chikafika ankanditenga pa sitima kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Chizumulu kwa azakhali. Ndinkasanza njira yonse, iwo atandigwira pachipumi n'kumati, "Yang'ana kutali, Esinati, usayang'ane mafunde." Kumaliro awo sindinapite, ndinali nditangofika kumene kuno.

Ndinazindikira malaya a mwana atayamba kununkha kupserera.

Ana atadya, ndinalimba mtima n'kupempha Madamu kuti Lamlungu andipatse tsiku lonse lopuma, osati theka ngati masiku onse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Inshallah." Inshallah wawoyu nthawi zina ndi eya, nthawi zina ndi ayi.

Aisha sindinamuyankhebe. Koma chitenje changa chobiriwira chija ndachichapa kale, chikuuma kubafa.